Benjamin Franklin: Mmisiri Amene Adakana Patenti

Cha m'ma 1744, bwanamkubwa wa dera la Pennsylvania, George Thomas, adawerenga kabuku kofotokoza za mbaula yachitsulo ya mtundu watsopano imene munthu wina wosindikiza mabuku mumzinda wa Philadelphia adakonza. Mbaulayo idamusangalatsa kwambiri, kotero adauza mwini wake kuti akhoza kumupatsa patenti. Patenti ndi chikalata cha boma choletsa wina aliyense kupanga kapena kugulitsa chipangizo kwa zaka zingapo popanda chilolezo cha amene adachitulukira. Wosindikiza uja adakana. Dzina lake lidali Benjamin Franklin, ndipo m'zaka 84 zimene adakhala ndi moyo sadatengeko patenti pa chinthu chilichonse chimene adatulukira.

Ambiri amamudziwa Franklin ngati mmodzi mwa amene adayambitsa dziko la America, mwinanso chifukwa cha nkhope yake imene ili pa ndalama ya madola 100. Nkhani ino itsata mbali ina ya moyo wake: mmene ankagwirira ntchito ndi anzake, zimene adagawira anthu ulere, ndiponso zimene sadafune kugawa. Mafunso amene moyo wake umadzutsa akadali ndi ife. Kodi nzeru ili ndi mwini? Nanga amene amatha kupatsa popanda kuwerengera ndi munthu wotani?

Mabuku obwereka usiku

Franklin adabadwa pa 17 Januwale 1706 mumzinda wa Boston, nthawi imene madera a kugombe la kum'mawa kwa America ankalamulidwa ndi Angerezi. Bambo ake, a Josiah Franklin, ankapanga makandulo ndi sopo kuchokera ku mafuta a nyama. Adabereka ana 17 mwa akazi awiri, ndipo Benjamin adali wa nambala 15, wotsiriza mwa ana aamuna. Mayi ake adali a Abiah Folger a ku chilumba cha Nantucket. Sukulu adaphunzira zaka ziwiri zokha. Atakwanitsa zaka 10 adayamba kudula zingwe za makandulo ndi kuthira mafuta m'zikombole, ntchito imene ankadana nayo. Poopa kuti mwana athawira kunyanja kukagwira ntchito m'sitima, bambo ake adamupereka kwa mkulu wake James, yemwe adali wosindikiza, ali ndi zaka 12. Pangano lidali loti aphunzire ntchito kufikira atakwanitsa zaka 21.

Kumeneko n'kumene adalawa koyamba kukoma kwa kubwerekana. Adapalana ubwenzi ndi anyamata ophunzira ntchito m'masitolo a mabuku, ndipo iwo ankamubwereka buku madzulo kuti alibweze m'mamawa mwini sitolo asadazindikire. Ankawerenga pafupifupi usiku wonse. Maphunziro ake ambiri adachokera m'mabuku amene sadali ake, komanso amene sadali a omubwerekawo.

M'chaka cha 1722 adalemba makalata 14 m'nyuzipepala ya mkulu wake, New-England Courant, podzitcha Silence Dogood, mayi wamasiye. Ankalowetsa makalatawo kunsi kwa chitseko usiku. James atazindikira mlembi wake sadakondwe, ndipo poti ankamumenyanso kawirikawiri, Benjamin adathawa m'chaka cha 1723 nakafika ku Philadelphia ali ndi zaka 17. Bwanamkubwa wa nthawiyo, William Keith, adamulonjeza makalata omuthandiza kukagula makina osindikizira ku London. Mnyamatayo adafika ku London kumapeto kwa 1724 n'kupeza kuti makalatawo kulibe. Adagwira ntchito m'nyumba zosindikizira za kumeneko mpaka 1726 pamene adabwerera ku Philadelphia.

Gulu la Lachisanu madzulo

M'chaka cha 1727 Franklin adasonkhanitsa anzake n'kuyambitsa gulu lotchedwa Junto. Adalipo pafupifupi 12, ambiri mwa iwo amisiri ovala epuloni yachikopa. Mudali osindikiza anzake, wosoka nsapato William Parsons, woyeza malo Nicholas Scull, mmisiri wa matabwa William Maugridge, ndi woika magalasi m'mawindo Thomas Godfrey, yemwe adadziphunzitsa yekha masamu mpaka kupanga chida choyezera malo panyanja. Mudalinso Robert Grace, mnyamata wochokera kubanja lopata. Mkazi mudalibemo ndi mmodzi yemwe.

Ankakumana Lachisanu lililonse madzulo. Aliyense ankayenera kubweretsa funso la makhalidwe, ndale kapena zachilengedwe, ndipo kamodzi pa miyezi itatu ankawerenga nkhani yolemba yekha. Padali lamulo lochititsa chidwi: wolankhula motsimikiza ngati kuti iye yekha ndiye akudziwa, kapena wotsutsa mnzake pamaso mwachipongwe, ankalipira kachindapusa. Padalinso mndandanda wa mafunso owerengedwa pa msonkhano uliwonse. Ankafunsana ngati wina wawerenga chinthu chothandiza, ngati pali munthu mumzindamo amene malonda ake agwa ndi chimene chawagwetsa, ngati pali wachinyamata woyamba kumene ntchito amene gululo lingamuthandize, komanso ngati aona ufulu wa anthu ukuphwanyidwa. Sukulu imeneyi idalibe mphunzitsi. Wophunzitsa sabata ino ankakhala wophunzira sabata yamawa.

Koma tisaganize kuti ankangokambirana nzeru basi. Ankapezeranso anzawo ntchito. Joseph Breintnall adapezera Franklin ntchito yosindikiza mbali ya buku la mbiri ya mpingo wa Quaker, ndipo pamene ankafuna kugula gawo la mnzake wa bizinesi, Grace ndi William Coleman ndiwo adamubwereka ndalama. Gululo lidali lachinsinsi, ndipo ena atafuna kulowa, Franklin adati ndi bwino membala aliyense akayambitse kagulu kake m'malo mokulitsa Junto. Motero nkhani za m'timagulu tonseto zinkafika kwa anthu 12 aja, pamene a m'timagulumo sankadziwa n'komwe kuti kuli Junto.

Chiyeso chawo choyamba chogawana katundu chidalephera, ndipo kulephera kumeneku n'kofunika kuposa mmene olemba mbiri yake ambiri amakuonera. Adagwirizana zoika mabuku awo onse m'chipinda chimodzi cha m'nyumba ya Grace kuti aliyense azitha kuwerenga. Patatha pafupifupi chaka, eni ake adaona kuti mabuku sakusamalidwa, ndipo aliyense adanyamula ake kubwerera nawo kwawo. Aliyense amene adakhalapo m'chiperegani chimene chidatha ndi mkangano adziwa mmene zidathera. Franklin sadanene kuti kugawana n'kosatheka. Adaona kuti chosowa chidali malamulo. M'chaka cha 1731 adayambitsa Library Company of Philadelphia. Anthu 50 adasonkha mashilingi 40 aliyense, n'kulonjeza mashilingi 10 chaka chilichonse. Mabuku adali a bungwe, osati a munthu. Padali wosunga mabuku, nthawi yobwezera, ndi chikalata chosaina chakuti wotaya buku alipira. Amene sadali membala ankathanso kubwereka atasiya chikole. Mabuku oyamba adafika kuchokera ku London m'chaka cha 1732 kudzera mwa wamalonda wina, Peter Collinson, yemwe adatumikira laibulaleyo zaka zambiri osalandira malipiro. Laibulaleyi ilipobe mpaka lero.

Posonkhetsa ndalamazi Franklin adaphunzira chinthu china chokhudza mtima wa munthu. Akanena kuti ganizolo ndi lake, anthu ankazengereza, poopa kumukweza. Akanena kuti watumidwa ndi anzake okonda kuwerenga, ankatsegula zikwama. Kuyambira pamenepo ankabisa dzina lake kuseri kwa gulu. Adachita chimodzimodzi pa gulu lozimitsa moto la Union Fire Company la 1736, pa sukulu imene idadzakhala Yunivesite ya Pennsylvania, ndi pa chipatala cha Pennsylvania Hospital cha 1751. Pa chipatalachi adakopa aphungu kuti alonjeze mapaundi 2,000 pokhapokha anthu wamba atasonkha ena 2,000, kenaka n'kuuza anthuwo kuti paundi iliyonse imene apereke ibala inzake.

Wamalonda wochenjera

Munthu wogawa ameneyu adalinso wamalonda wa maso akuthwa. M'chaka cha 1729 adagula nyuzipepala ya Pennsylvania Gazette. Kuyambira 1732 ankasindikiza chaka ndi chaka kabuku ka kalendala, zanyengo ndi miyambi kotchedwa Poor Richard's Almanack, ndipo ankagulitsa makope pafupifupi 10,000 pa chaka. Miyambi yambiri ya m'kabukuko adaitola m'mabuku akale n'kuisula mwatsopano. Cha m'ma 1742 mpaka 1744 adasindikiza buku la Samuel Richardson lotchedwa Pamela, nthano yaitali yoyamba kusindikizidwa ku America. Lamulo la ku England la 1710 loteteza alembi silinkagwira ntchito kutsidya la nyanja, choncho osindikiza a kumeneko ankangotenga mabuku a ku London n'kuwasindikiza. Apa kugawana kudakomera Franklin, osati mlembi.

Anyamata amene adaphunzira ntchito kwa iye ankawatumiza kumizinda ina monga Charleston ndi New York. Ankawapatsa makina ndi zilembo zachitsulo, ankalipira gawo limodzi mwa magawo atatu a zolowa pa ntchito, ndipo ankatenga gawo limodzi mwa atatu a phindu. Pakatha zaka 6 mnzakeyo ankatha kugula makinawo n'kuima payekha. Ku Charleston, Lewis Timothy atamwalira, mkazi wake Elizabeth ndiye adapitiriza ntchitoyo, ndipo Franklin adamuyamikira kuti ankasunga bwino mabuku a ndalama kuposa mwamuna wake.

Nkhani ya positi imaonetsa malire a kupatsa kwake. Masiku amenewo nyuzipepala zinkayenda ndi okwera akavalo a positi, ndiye amene adali mkulu wa positi adagwira khosi la anzake onse. Andrew Bradford, mpikisani wake, ali pa udindowo adaletsa okwerawo kunyamula Gazette, ndipo Franklin ankawapatsa kangachepe mobisa kuti anyamule. Atalandira udindowo iyeyo m'chaka cha 1737 adalola nyuzipepala ya Bradford kuyenda. Koma sizidakhalitse. Mkulu wa mapositi onse, Alexander Spotswood, adalamula kuti Bradford atsekeredwe chifukwa cha ngongole imene sadabweze, ndipo Franklin adamvera. M'buku la mbiri ya moyo wake adadzitama kuti sadabwezere choipa, koma za chiletso chachiwirichi sadatchulemo.

Mbaula

Tibwerere ku mbaula ija. Nyengo yachisanu ku Philadelphia ndi yoopsa, ndipo nkhuni zinkapita patali chaka ndi chaka pamene mzinda unkakula. Anthu ankasonkha moto pamalo otseguka m'khoma, pomwe kutentha kwambiri kunkathawira kuchumuni. Wokhala pafupi ankapsa kumaso, msana uli zii. Mbaula ya Franklin idali ya zitsulo zaphanthiphanthi zolumikizana, ndipo m'kati mwake mudali kabokosi kopanda kanthu. Mpweya wozizira unkalowa m'kabokosiko kuchokera pansi, n'kutenthedwa, n'kutulukira m'mbali kulowa m'chipinda. Utsi unkakwera pamwamba pa kabokosiko, kutsikira kumbuyo kwake, kudutsa pansi, kenaka n'kukwera chumuni. Cholinga chidali chakuti utsi usiye kutentha kwake m'nyumba usadatuluke.

Chitsanzo cha mbaulayo adachipereka kwa Robert Grace, yemwe adali ndi ng'anjo yosungunulira chitsulo, ndipo m'kabuku ka 1744 adafotokoza kapangidwe kake konse, ndi zithunzi zomwe, kuti mmisiri aliyense athe kuipanga. Chifukwa chokanira patenti adachilemba atakalamba. Maganizo ake adali akuti tonse timadyerera zimene ena adatulukira kale, choncho mpata wothandiza ena ndi zathu ukapezeka tiyenera kuulandira mokondwa ndi kupereka mosaumira. Makolo athu akadangoti kupatsa n'kuika. Wogulitsa zitsulo wina wa ku London adatenga zambiri za m'kabukuko, adasintha pang'ono, adatenga patenti kumeneko n'kupeza ndalama ndithu. Franklin sadakasume.

Chimene nthano zomutamanda zimasiya n'chakuti mbaulayo sinkagwira bwino ntchito. Utsi sufuna kutsika. Ngalande yapansi ija ikakhala yozizira, utsi unkabwerera m'chipinda, ndipo malonda adayamba kuzilala. Amisiri ena, kuphatikizapo David Rittenhouse wa mumzinda womwewo, adasintha njira ya utsi, ndipo mbaula imene anthu amaitchula dzina la Franklin lero ndi ya osinthawo. Ine ndikuona kuti apa ndiye pali phindu lenileni la kukana patenti, kuposa kukoma mtima kumene amamutamanda nako. Chipangizo chidali ndi chilema, koma poti padalibe chikalata choletsa, aliyense adali ndi ufulu wochikonza. Olemba mapulogalamu a kompyuta osabisa malamulo ake, monga Linux imene Linus Torvalds adayambitsa m'chaka cha 1991, amatsata nzeru yomweyi.

Tisachite ngati nkhani ya patenti ndi ya kutali. M'chaka cha 2001 makampani 39 a mankhwala adali m'khoti ku Pretoria kutsutsana ndi boma la South Africa pa lamulo lofuna kutsitsa mitengo ya mankhwala, ndipo adausiya mlanduwo mu Epulo chaka chomwecho anthu atakwiya padziko lonse. Nthawi imeneyo ma ARV a munthu mmodzi ankagulidwa madola pafupifupi 10,000 pa chaka, pamene kampani ya ku India ya Cipla idati ikhoza kuwapereka pa madola 350. Mankhwala otsika mtengo otere ndi amene adathandiza kuti Malawi ayambe kugawa ma ARV ulere m'chaka cha 2004. Komabe mbali inayo ili ndi mawu akenso. Franklin adatha kukana patenti chifukwa nyumba yake yosindikizira inkamudyetsa. Mmisiri wosauka amene watha zaka akusula chinthu chimodzi alibe nyuzipepala yoti imugwire dzanja, ndipo kwa iye patenti ikhoza kukhala khasu lokhalo.

Mphezi

M'chaka cha 1748, ali ndi zaka 42, Franklin adasiyira David Hall ntchito ya tsiku ndi tsiku yosindikiza, pa pangano logawana phindu kwa zaka 18. Nthawi yake adaipereka ku magetsi. Collinson uja adali atatumizira laibulale chubu chagalasi chimene chinkatulutsa tizimoto chikakhutizidwa ndi nsalu, ndipo Franklin adayamba kuyesa zosiyanasiyana ndi anzake atatu: Ebenezer Kinnersley, mlaliki wopanda mpingo woutumikira, Thomas Hopkinson, loya, ndi Philip Syng, wosula siliva. Hopkinson ndiye adaona kuti chitsulo chosongoka chimataya magetsi mwakachetechete. Syng adapanga makina opukusa. Kinnersley ankayenda m'mizinda kuonetsa anthu zimene gululo lapeza. Zotsatira zake Franklin ankazilemba m'makalata opita kwa Collinson, ndipo Collinson ankawawerenga pamaso pa akatswiri a bungwe la Royal Society. M'chaka cha 1751 makalatawo adasindikizidwa ku London kukhala buku. Mawu ena amene amagwiritsidwa ntchito pa magetsi mpaka lero, monga batire, pozitivi ndi negativi, adachokera m'makalata amenewa.

M'bukumo Franklin adafotokoza mmene munthu angayesere ngati mphezi ndi magetsi: aimike chitsulo chachitali chosongoka pamalo okwera, chosakhudza nthaka, n'kuona ngati chingakoke tizimoto mtambo wamvula ukamadutsa. Iye adali asadayese. Bukulo lidamasuliridwa m'Chifalansa, ndipo pa 10 Meyi 1752, m'mudzi wa Marly-la-Ville pafupi ndi Paris, Thomas-François Dalibard adatsimikiza ganizolo. Iyenso sadalipo mvula itafika. Amene adaona tizimoto toyamba adali msilikali wopuma ntchito dzina lake Coiffier, yemwe adamusiya kuti aziyang'anira chitsulocho. Kaiti yotchuka ya Franklin idauluka pambuyo pake, mu Juni chaka chomwecho malinga ndi zimene Joseph Priestley adalemba. Ganizo lidabadwira ku Philadelphia, lidasindikizidwa ku London, lidayesedwa ku France, ndipo onsewa sadali pansi pa bwana mmodzi. Ntchitoyi idalinso yoika moyo pachiswe: m'chaka cha 1753 Georg Richmann adaphedwa ndi mphezi ku St Petersburg akuyesa zomwezo.

Malangizo a kaikidwe ka chitsulo choteteza nyumba ku mphezi adawalemba m'kabuku kake ka kalendala ka 1753, kabuku kamene kankafika m'nyumba za alimi. Chitsulo chizikike m'nthaka yachinyezi, chikwere kupitirira denga, nsonga yake ikhale yosongoka. Chaka chomwecho Royal Society idamupatsa mendulo ya Copley. Otsutsa sadasowe. Chivomerezi chitagwedeza Boston m'chaka cha 1755, mbusa Thomas Prince adaganiza kuti zitsulozo zikukokera magetsi m'nthaka n'kuyambitsa zivomerezi. Katswiri wa ku France, Abbé Nollet, adalemba makalata omutsutsa, koma Franklin sadayankhe, poganiza kuti aliyense akhoza kubwereza zoyesazo n'kudzionera yekha.

Pa ntchito ya gulu, dzina limene limamveka ndi limodzi. M'chaka cha 1758 William Smith, mdani wake pa ndale, adalemba kuti Franklin adadya ulemu wa Kinnersley. Kinnersley mwiniwake adalemba m'nyuzipepala kumuikira kumbuyo Franklin. Komabe lero ndani amadziwa za Kinnersley, Syng kapena Hopkinson? Franklin adakana ndalama za patenti, koma adalandira malipiro ena, omwe ndi mbiri, ndipo mbiri imeneyo ndi imene idamutsegulira zitseko za mafumu patsogolo pake.

Pali kugawa kwina kumene kudachokera m'chisoni. M'chaka cha 1736 mwana wake Francis adamwalira ndi nthomba ali ndi zaka 4, asadatemeredwe. Mphekesera itamveka yoti katemera ndiye wapha mwanayo, Franklin adalemba m'nyuzipepala yake kutsutsa bodzalo. M'chaka cha 1759 adagwirizana ndi dokotala wa ku London, William Heberden, kulemba kabuku kophunzitsa makolo za katemerayu, ndipo kadagawidwa ulere ku America.

Amene sadagawiridwe

Nthawi yoyesa magetsi siidagwe kumwamba. Mkazi wake Deborah Read, amene adakwatirana naye m'chaka cha 1730, ankayendetsa sitolo ndi kusunga mabuku a ndalama, ndipo adasamala nyumba zaka zambiri mwamuna wake ali ku England mpaka adamwalira mu Disembala 1774 osamuonanso. Ndiye padali akapolo. Nyuzipepala ya Franklin inkalandira ndalama polengeza malonda a anthu ogulitsidwa komanso polengeza za akapolo othawa. M'nyumba mwake mudali Aafirika amene banjalo linkawayesa katundu wake, ndipo mayina ena amadziwika: Peter, Jemima, Othello, George, King. Popita ku London m'chaka cha 1757 adatenga Peter ndi King, ndipo King adathawa. Munthu amene adakana kukhala mwini wa mbaula sadaone chovuta kukhala mwini wa anthu kwa zaka makumi angapo. Kwa wowerenga wa kuno, kumene malonda a akapolo adasiya midzi ili mabwinja, ichi si chilema chaching'ono chongotchula podutsa.

Maganizo ake adasintha, koma pang'onopang'ono. M'chaka cha 1763 adayendera sukulu ya ana achikuda ku Philadelphia ndipo adavomereza kuti anawo amaphunzira mofanana ndi ana a Azungu. M'chaka cha 1787 adakhala mtsogoleri wa bungwe la ku Pennsylvania lolimbana ndi ukapolo, ndipo mu Febuluwale 1790 adasaina pempho lopita ku nyumba ya malamulo loti ukapolo uthetsedwe. Aphungu a kummwera adakalipa, ndipo pempholo lidafera momwemo. Ukapolo udapitirira ku America mpaka 1865.

Makalata ndi mapu

Franklin adakhala ku London kuyambira 1757 mpaka 1762, ndiponso kuyambira 1764 mpaka 1775, ngati nthumwi ya madera a ku America. Ali kumeneko adafunsidwa chifukwa chimene sitima za positi zochokera ku England zinkachedwera milungu iwiri kuposa za amalonda. Yankho adalipeza kwa msuweni wake Timothy Folger wa ku Nantucket. Osaka anangumi ankadziwa kale za mtsinje wa madzi ofunda woyenda m'nyanja ya Atlantic, wotchedwa Gulf Stream, ndipo ankadziwa kuti sitima yolimbana nawo imataya nthawi. Folger adaujambula, Franklin adasindikiza mapuwo, koma oyendetsa sitima za positi sadawalabadire. Nzeru yaulere yochokera kwa asodzi idawachepera.

Kugawa kumene kudamupweteka kwambiri kudali kwa makalata a eni. M'chaka cha 1772 adapeza makalata a Thomas Hutchinson, bwanamkubwa wa Massachusetts, m'mene ankalangiza kuti ufulu wa anthu a kuderalo uchepetsedwe. Franklin adawatumiza ku Boston ndi pempho loti asasindikizidwe. Mu Juni 1773 adasindikizidwa. Amuna awiri ku London, William Whately ndi John Temple, adamenyana ndi zida pokangana za amene adaba makalatawo, ndipo pofuna kuletsa nkhondo yachiwiri Franklin adaulula kuti wotumiza adali iye. Amene adamupatsa sadamutchule mpaka imfa. Pa 29 Januwale 1774 adaimikidwa pamaso pa alangizi a mfumu, ndipo loya wa boma, Alexander Wedderburn, adamunyoza ngati mbala pafupifupi ola lathunthu. Franklin adangoima chilili osayankha. Patangopita masiku ochepa adachotsedwa pa udindo wa positi umene adaugwira kuyambira 1753. Kodi makalata a wolamulira okamba za ufulu wa anthu ndi ake kapena ndi a anthuwo? Boma la Britain lidati ndi ake. Franklin adabwerera kwawo m'chaka cha 1775 atataya chikondi chake pa ufumuwo.

Adasaina chikalata cholengeza ufulu wa America m'chaka cha 1776, ndipo adakhala ku France mpaka 1785 kupempha ndalama, zida ndi asilikali. Nkhondoyo idalowerera mpaka mu sayansi: Mfumu George III idalamula kuti panyumba yake paikidwe zitsulo zobuntha m'malo mwa zosongoka za Franklin. Iye adachita zosiyana. Mu Malichi 1779 adalembera oyendetsa sitima za nkhondo za America kuti akakumana ndi sitima za James Cook, Mngerezi wofufuza nyanja, asazichite choipa, poti zimene Cook ankafufuza zidali zopindulitsa mitundu yonse. Sadadziwe kuti Cook adali ataphedwa kale ku Hawaii mwezi wapitawo. Koma mwana wake William, amene adakhalabe kumbali ya mfumu pa nkhondoyo, sadamukhululukire kwenikweni, ndipo mu wilo adamusiyira zochepa.

Mu wilo momwemo adasiyira mizinda ya Boston ndi Philadelphia mapaundi 1,000 uliwonse. Ndalamazo zidali zobwereketsa amisiri achinyamata okwatira, osapitirira zaka 25, amene adamaliza kuphunzira ntchito, pa chiwongoladzanja cha 5 peresenti, ndipo thumbalo lidayenera kuzungulira kwa zaka 200. Ankakumbukira Grace ndi Coleman amene adamubwereka ndalama ali mnyamata. Pofika 1990 thumba la Boston lidali litaposa madola 4 miliyoni, la Philadelphia lili pafupifupi 2 miliyoni.

M'chaka cha 1787, ali ndi zaka 81, Franklin adali wamkulu kuposa onse pa msonkhano wolemba malamulo aakulu a dziko la America. Ndime yopatsa nyumba ya malamulo mphamvu yoteteza alembi ndi otulukira zinthu kwa nthawi yoikika idadutsa popanda wotsutsa. Lamulo loyamba la patenti lidasainidwa ndi George Washington pa 10 Epulo 1790, Franklin ali chigonere. Adamwalira pa 17 Epulo, patangotha sabata imodzi, ndipo anthu pafupifupi 20,000 adaperekeza maliro ake ku manda a Christ Church. Patenti yoyamba ya dzikolo idaperekedwa pa 31 Julayi chaka chomwecho kwa Samuel Hopkins, pa njira yatsopano yopangira potashi, mchere wa m'phulusa wonga chidulo umene anthu ankapangira sopo.